Chimfine chosatha nthawi ya ngayaye: mmene mungadziwire kuti ndi mungu wa udzu komanso chochita

Ikangofika Febuluwale mpaka cha mu Epulo kapena Meyi, mu Lilongwe muno mumakhala anthu ambiri oyetsemula osalekeza, mamina akungoyenderera, maso ofiira, nde aliyense amangoti ndi chimfine cha nyengo basi, kuthamangira pa golosale kukagula Panado, ena amoxicillin, ena mpaka kumwa LA osayezetsa nkomwe. Koma chimfine chenicheni sichitenga miyezi iwiri ayi, chimatha pa sabata imodzi kapena masiku 10. Ngati chanu chimabwera miyezi yomweyomweyo chaka ndi chaka, nkutheka kuti ndi aleji ya mungu wa udzu, ndipo imeneyo ili ndi njira zake zoithanirana nayo zomwe sizifuna ndalama zambiri.

Choyamba, dziwani chomwe chikukuvutitsani

Udzu nawonso umachita maluwa, kungoti maluwa ake ndi aang'ono osaoneka bwino, timangoona timitu tija pamwamba. Maluwa okongola a m'mayadi amadalira njuchi ndi agulugufe kuti anyamule mungu, nde mungu wake ndi wolemera komanso womata, suuluka patali. Udzu umadalira mphepo. Pachifukwa chimenechi umatulutsa mungu wambirimbiri wopepuka, woti ndi maso simungauone, ndipo umalowa m'mphuno ndi m'maso mosavuta. Anthu amakonda kunamizira jakaranda ikachita maluwa mu Okutobala chifukwa ndi yomwe ikuoneka, koma udzu ndi womwe umavutitsa anthu ambiri.

Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala udzu umamera, ukafika Febuluwale wakula wayamba kuchita maluwa. Tayang'anani m'mbali mwa misewu, m'maploti osamangidwa aku Area 49 ndi Area 25, m'madambo a Lingadzi, paliponse ndi tsekera wotalika kuposa munthu, nsenjere m'mphepete mwa mtsinje, bango, komanso kapinga wa pabwalo la mpira ndi m'mayadi. Kapinga ameneyu ndi wodziwika dziko lonse lapansi pa nkhani ya aleji, ndipo iye akamathiriridwa amatha kuchita maluwa olo mvula itasiya kalekale, nde amene muli ndi kapinga wobiriwira chaka chonse musadabwe mukamayetsemula mu Seputembala. Chimanga nachonso ndi mtundu wa udzu, mapira chimodzimodzi. Ngayaye zikatuluka, ufa wachikasu uja umakuthothokerani pamapewa mukamadutsa m'munda m'mawa ndi mungu umenewo. Mungu wa chimanga ndi wolemerako, umagwa pafupi, koma mu tauni muno chimanga timadzala mpaka pakhomo penipeni, kuseri kwa windo la kuchipinda, nde kulemera kwakeko sikukupulumutsani.

Thupi la munthu wa aleji limatenga mungu ngati mdani, ngati galu wa pakhomo amene amauwa ndi mwana wa mwini nyumba yemwe. Limapanga asilikali ena otchedwa IgE, mungu ukangofika asilikaliwo amachititsa kuti thupi litulutse mankhwala ena otchedwa histamine, ndipo histamine ndi amene amatupitsa mkati mwa mphuno, kuyabwitsa, kutulutsa mamina ndi misozi. Si matenda opatsirana. Amayenda m'magazi a banja, nde ngati mayi kapena bambo ali ndi mphumu kapena vuto la khungu loyabwa lija, ana nawo amatha kukhala ndi aleji.

Chachiwiri, siyanitsani ndi chimfine komanso malungo

Apa ndi pomwe ambiri timaphonya, komanso pali ngozi chifukwa miyezi ya mungu ndi yomweyonso malungo amakhala pachimake.

Aleji imayabwa. Mphuno kuyabwa, maso kuyabwa, kum'mero ndi m'kamwa chakumwamba kuyabwa mpaka munthu kumadzikanda ndi lilime, ena mpaka mkati mwa makutu. Kuyetsemula kwake kumabwera motsatizana, kasanu kakhumi osapuma. Mamina amakhala oyera amadzimadzi kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, pomwe a chimfine amayamba amadzi kenako nkulimba nkusintha mtundu. Maso onse awiri amafiira nkumatuluka misozi, koma osati mafinya kapena manthongo omata zikope m'mawa. Ndipo chachikulu, aleji siitenthetsa thupi. Ngati thupi likutentha, mukunjenjemera, mafupa akuphwanya, mutu ukuwawa kwambiri, imeneyo si aleji, pitani mukayezetse malungo tsiku lomwelo, kuyeza kwake ndi kwa mphindi zochepa chabe. Ngati mukukhosomola kupitirira masabata awiri, makamaka mukuonda kapena kutuluka thukuta usiku, kayezetseni TB, osamangoti ndi udzu.

Pa ana yang'anani izi: mwana amakonda kupukuta mphuno ndi chikhatho chokweza m'mwamba, amapuma ndi kukamwa, usiku amaliza mkonono, m'munsi mwa maso mumada, m'kalasi amasinza. Aphunzitsi amati ndi waulesi pomwe mwanayo usiku sakugona bwino.

Ena a aleji ya udzu akadya mavwende kapena tomato wosaphika amamva kuyabwa m'kamwa ndi milomo, chifukwa zinthu zina za m'zipatsozi zimafanana ndi za mu mungu. Nthawi zambiri zimatha zokha pakapita kanthawi.

Chachitatu, lembani

Tengani kope kapena pa foni pomwepo, kwa masabata awiri kapena atatu lembani tsiku lililonse: munali kuti, nthawi yanji, kunja kunali bwanji, ndipo zinakuvutani motani. Zikuoneka zachibwana koma zimathandiza kwambiri chifukwa si aleji iliyonse ili ya udzu. Ngati mumavutika chaka chonse, makamaka mukangodzuka kapena mukamakuntha matilesi ndi mabulangete, mwina ndi tizilombo ta m'fumbi la m'nyumba kapena mphemvu kapena nkhungu ya pakhoma. Ngati zimakula mu Ogasiti mpaka Okutobala, nthawi ya fumbi ndi utsi wa moto wa kutchire, mwina ndi fumbi ndi utsiwo zomwe zikukwiyitsa mphuno. Koma ngati mukaona kuti tsiku lomwe munadutsa njira yachidule ya m'tchire, kapena lomwe anatchetcha pa ofesi, kapena munakaonera mpira mutakhala pa kapinga ndi lomwe munavutika, ndipo tsiku lomwe kunagwa mvula yamvumbi munapumako, yankho mwalipeza.

Kuyeza kwenikweni kulipo, amadontheza timadzi ta mungu pamkono nkubaya pang'ono khungu, pakatha mphindi 15 kapena 20 pakatupa ndiye kuti ndi momwemo, kapena amayeza IgE m'magazi. Koma anthu ambiri dokotala amatha kuwadziwa pongomva nkhani yawo, nde kope lanu lija tengani popita. Munthu amene anatsimikiza koyamba kuti ndi mungu, Charles Blackley wa ku Manchester, anachita kudziyesa yekha, kudzipaka mungu pakhungu ndi m'mphuno, nkulemba zonse mu 1873. Nde kulemba si kwachabe.

Chachinayi, chepetsani mungu womwe ukukufikani

Kuuthawiratu sizingatheke, tisanamizane, Lilongwe yonse ndi udzu. Koma kuchepetsa kumatheka.

Mungu umachuluka m'mawa dzuwa likangoumitsa mame komanso madzulo kukamazizira, makamaka tsiku louma la mphepo. Nde amene mumathamanga m'mawa m'mbali mwa msewu, sinthani nthawi kapena njira miyezi imeneyi. Masiki aja tinazolowera nthawi ya Covid musataye, amathandiza, makamaka pa kabaza pomwe mphepo imakumenyani kumaso. Valani magalasi olo adzuwa omwewa apa msika, amatchinga maso. Mu galimoto tsekani mawindo mukamadutsa malo a udzu wambiri, mu minibasi pewani mpando wa pawindo ngati nkotheka, ngakhale ndikudziwa kuti mu minibasi simusankha nthawi zonse.

Pakani Vaseline pang'ono kuzungulira m'mphepete mwa mabowo a mphuno musanatuluke, mungu wina umamatirira pomwepo. Pang'ono chabe, osati kudzaza mkati.

Mukafika kunyumba vulani zovala zomwe munavala panja, osakhala nazo pabedi, sambani kumaso ndi m'manja, ndipo ngati nkotheka sambani thupi lonse madzulo osati m'mawa okha. Tsitsi limasunga mungu, amayi a mesh ndi ma wigi apa mumve bwino, mungu wa tsiku lonse mumakagona nawo pa pilo, nde mangani duku popita panja nkulivula polowa, ndipo nsalu ya pilo muzichapa pafupipafupi. Nkhani ya kuyanika zovala, ambiri timayanika pa udzu kapena pa mpanda wa maluwa, kumeneko nde kudzitengera vuto ndi manja. Yanikani pa chingwe, anulani zikangouma osadikira madzulo, zikuntheni panja musanalowe nazo, kapena wina azikuntha ngati alipo. Mabedishiti ndi mataulo a munthu wa aleji ngati malo alipo ayanikeni pakhonde kapena mkati.

M'nyumba kolopani ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa mouma. Mawindo a kuchipinda tsekani m'mawa ndi madzulo, tsegulani mvula ikangogwa chifukwa nthawi imeneyo mpweya umakhala wotsukika. Galu ndi mphaka amabweretsa mungu mu ubweya, asamalowe kuchipinda.

Udzu wa pakhomo uzitchetchedwa usanatulutse timitu tija, ukakhala waufupi nthawi zonse mungu umachepa. Koma otchetcha asakhale inuyo. Chikwakwa chikamamenya chimaulutsa mungu, fumbi ndi nkhungu zonse pamodzi. Tumani wina, inu tsekani mawindo kapena chokanipo kaye. Ngati ganyu yanu ndi yomweyo yotchetcha kapena ndinu mlimi, valani masiki, magalasi ndi malaya a manja aatali, gwirani ntchito udzu ukadali wonyowa, ndipo imwani mankhwala musanayambe osati mutayamba kale kuvutika. Chimanga chakuseri kwa windo chija chaka chamawa dzalani chapatali, pafupi ndi nyumba ikani nyemba kapena mbatata.

Chachisanu, tsukani mphuno ndi madzi amchere

Izi ndi zotchipa kuposa zonse koma anthu amazinyoza. Wiritsani madzi theka la lita, asiyeni azizire afunde chabe, thiranimo mchere supuni yaing'ono ya tiyi imodzi ndi soda wophikira supuni yomweyo imodzi, takasani zisungunuke. Sambani m'manja, imani pa beseni, thirani pang'ono pachikhatho, kokani ndi mphuno imodzi mutatseka inayo, kenako asiyeni atuluke, pena amatulukira kukamwa, lavulani. Bwerezani mbali inayo. Sirinji yatsopano yopanda singano imagwiranso bwino ntchito. Madzi akhale owiritsa ndithu, osati apa mpopi kapena pachitsime mwachindunji, ndipo pangani atsopano tsiku lililonse. Chitani mukangofika kuchokera panja komanso musanagone. Koyamba kumanyansa, mudzazolowera.

Maso akamayabwa musatikite olo zivute bwanji, kutikita kumawonjezera. Nyowetsani kansalu koyera ndi madzi ozizira, ikani pamaso mutatsinzina kwa mphindi zingapo. Mkaka wa m'mawere, madzi a masamba, shuga, zonsezi musathire m'maso chonde.

Chachisanu ndi chimodzi, mankhwala

Piriton aliyense amamudziwa, dzina lake lenileni ndi chlorphenamine, piritsi la 4mg. Amagwira ntchito koma amagonetsa, ndipo amatha msanga m'thupi nde umafunika kumwa kangapo patsiku, wamkulu osapitirira mapiritsi 6 pa maola 24. Ngati mumayendetsa galimoto, njinga yamoto ya kabaza, kapena mumagwira makina, Piriton masana ayi. Ndi mowa ndiye ayi ndithu. Olo mutamwa usiku ena amadzuka mutu uli wolemera mpaka masana.

Abwino pa tsiku ndi tsiku ndi cetirizine kapena loratadine, onse 10mg kamodzi patsiku kwa wamkulu, amapezeka m'mafamase ambiri mu tauni muno. Cetirizine ena amawagonetsabe pang'ono, nde yambani kumwa madzulo muone mmene thupi lanu likuchitira. Chinsinsi chake nchakuti muzimwa tsiku lililonse nyengo yonseyo, osati kudikira mpaka maso atupe. Ndipo ngati mukudziwa kale kuti zanu zimayamba mu Febuluwale, yambani sabata imodzi kapena awiri zisanafike.

Ngati vuto lalikulu ndi kutsekeka mphuno, mapiritsi okha sakwanira. Pamafunika sipule ya m'mphuno ya steroid ngati beclomethasone kapena fluticasone. Musaope dzinalo, mankhwala ake ndi ochepa ndipo amagwira m'mphuno momwemo. Vuto ndi loti anthu amapopera masiku awiri nkusiya ati sakugwira, pomwe amafuna masiku angapo, pena mpaka masabata awiri, kuti muone kusintha kwenikweni. Komanso ambiri amapopera molakwika. Minani kaye, kapena tsukani ndi madzi amchere aja. Khutchumulani botolo. Weramitsani mutu pang'ono ngati mukuyang'ana zala za kumapazi, osati kugadama. Gwirani botolo ndi dzanja lamanja popopera mphuno yakumanzere, lamanzere popopera yakumanja, kuti kamlomo kaloze chakunja kumbali ya khutu osati pa khoma lapakati pa mphuno, chifukwa mukamapopera pakhomalo tsiku ndi tsiku ndi pomwe kamfuno amayambira. Kokani mpweya pang'onopang'ono. Mukamva mankhwala akuwawa kum'mero ndiye kuti mwakoka mwamphamvu, apitirira, mwawamwa.

Pali sipule ina yotsegula mphuno nthawi yomweyo, xylometazoline, ambiri amaidziwa kuti Otrivin. Imakoma chifukwa mphindi zochepa mwayamba kupuma, koma musapitirire nayo sabata imodzi, mukapitiriza mphuno imazolowera nkumatsekeka kwambiri kuposa kale mankhwalawo akangotha mphamvu, mapeto ake munthu amayenda nayo m'thumba chaka chonse.

Pa maso pali madontho a sodium cromoglicate, amafunika kudontheza kangapo patsiku mosadumphitsa. Koma chenjerani ndi madontho a steroid ngati dexamethasone omwe anthu amangogula okha kapena kubwerekana. Amayeretsa maso msanga inde, koma mukawagwiritsa ntchito nthawi yaitali popanda dokotala amatha kukweza mphamvu ya madzi a m'diso nkuwononga mtsempha wa maso, kapena kubweretsa ng'ala. Chimodzimodzi mapiritsi a prednisolone, osamangomwa chifukwa mnzanu anati anamuthandiza. Mwana amene maso ake asanduka abulauni, amatikita nthawi zonse ndipo amaopa kuwala, mutengereni ku chipatala cha maso, ku Kamuzu Central kuli mbali ya maso, akamuone bwinobwino.

Amoxicillin ndi Bactrim sizichiza aleji olo pang'ono, palibe kachilombo koti ziphe. Mukungotaya ndalama komanso kuzoloweretsa tizilombo mankhwala, tsiku lomwe mudzadwaladi sadzagwira.

Amayi oyembekezera, oyamwitsa, ana aang'ono, achikulire, komanso amene muli ndi vuto la impso kapena mukumwa mankhwala ena a tsiku ndi tsiku, funsani kaye adokotala kapena a ku famase musanayambe chilichonse mwa izi. Mlingo wa mwana umatengera zaka, osamangodula piritsi la wamkulu mwa maso.

Chachisanu ndi chiwiri, yang'anirani chifuwa

Mphuno ndi mapapo ndi njira imodzi, nde aleji ya udzu ndi mphumu zimayendera limodzi kawirikawiri. Ngati miyezi imeneyi mumakhosomola usiku kapena m'bandakucha, pachifuwa pamathina, mukamapuma mumamveka kulira kwa mluzu, uzani dokotala, musangothera pa cetirizine. Amene muli kale ndi mphumu, inhela yanu ya salbutamol, yabuluu ija, ikhale m'chikwama nthawi zonse ndipo onani kuti siinathe. Koma ngati mukuifuna kangapo pa sabata ndiye kuti mphumuyo siinagonje, mukufunika inhela yoteteza ya tsiku ndi tsiku, kakambiraneni ku chipatala. Inhela siipha ndipo siizoloweretsa monga anthu amanenera m'makwalalamu.

Ndanena kuti mvula imatsuka mungu, koma mvula ya mabingu ndi mphepo yamkuntho ndi nkhani ina. Mungu ukanyowa m'mwamba umaphulika nkukhala tizidutswa tating'onoting'ono tolowa mpaka mkati mwa mapapo, mphepo ya patsogolo pa mvula ija nkutibweretsa pansi. Ku Melbourne ku Australia mu Novembala 2016 zinachitika, anthu masauzande anathamangira ku zipatala usiku umodzi ndipo 10 anamwalira, ambiri mwa odwalawo anali anthu ongodziwa kuti ali ndi aleji ya udzu basi, osadziwa kuti angabanike. Nde mukaona kumwamba kwada, mphepo yayamba kuulutsa mapepala, lowani m'nyumba tsekani mawindo, mutsegule mvula itagwa kwakanthawi.

Munthu akabanika moti sakutha kumaliza chiganizo, milomo yasintha mtundu, mwana nthiti zikulowa mkati akamapuma, kapena inhela yapoperedwa koma palibe kusintha, musadikire kuche. Mukhazikeni tsonga, osamugoneka, pitirizani kumupopera inhela muli m'njira, pezani galimoto kapena chilichonse mupite ku chipatala chapafupi. Chimodzimodzi ngati nkhope, lilime kapena kum'mero kwatupa.

Mukachita zonsezi mwezi wathunthu, mapiritsi tsiku lililonse, sipule moyenera, madzi amchere, koma simukugonabe usiku kapena ntchito ikukanika, bwererani kwa dokotala ndi kope lanu lija komanso mabotolo a mankhwala onse omwe mwagwiritsa ntchito. Pena pamakhala vuto lina mkati mwa mphuno ngati tinyama tomera kapena matenda a m'mphako za m'mutu, makamaka ngati yotsekeka ndi mphuno imodzi yokha, mukutuluka magazi pafupipafupi kapena fungo simukulimvanso, zimenezo ndi zofuna dokotala wa makutu, mphuno ndi kum'mero. Palinso chithandizo chozoloweretsa thupi mungu pang'onopang'ono ndi jakisoni kapena mapiritsi oika pansi pa lilime, chinayamba ndi Leonard Noon ku London mu 1911, chimatenga zaka ngati zitatu ndipo chimafuna katswiri wa aleji, nde mufunse dokotala wanu ngati chingakuyenereni komanso komwe mungachipeze. Pa foni yanu ikani alamu ya pakati pa Januwale chaka chamawa yokukumbutsani kugula cetirizine ndi sipule, komanso kupeza wotchetcha udzu usanatulutse timitu.